Z ya printa yanga ikukakamira pansi, zinthu zikutuluka zofinyika

KamwendoPrints:
Odi pagulu pano akuluakulu. Ndili ndi printa ya 3D ya Ender 3 imene ndinagula kwa munthu chaka chatha, yogwirapo kale ntchito koma sinkandivutitsa. Ndimapangira tizinthu togulitsa: toikapo foni, tokolowekapo makiyi, ndi timabatani ta sitovu timene amayi amasowa m'tauni takale tikathyoka. Mwezi wathawu tasamuka ku Matero kubwera ku Chilenje, ndiye poopa kuti ithyoka mu Canter ndinaimasula, kufika kuno nkumanganso. Chiyambire tsiku limenelo mtendere palibe. Ka cube ka 20 mm kakutuluka 20 m'mbali monse, koma msinkhu wake 19.3. Ma layer oyambirira afinyikana ngati wina anakhalapo, nozzle, kamlomo kotulutsa pulasitiki kaja, ikukanda pulasitikiyo. M'mbali muli mizere yotukuka. Nthawi zina mota ya Z, yokweza ndi kutsitsa nozzle, imalira kuti gu gu ikamayamba kukwera. Bedi la printa, pokhala chinthu chikamasindikizidwa, ndalikonza kanayi konse. Pulasitiki ndi PLA yomwe ija, kutentha madigiri 200 pa nozzle, 60 pa bedi, layer 0.2 mm. Loweruka ndikuyenera kupereka timabatani 30. Ndiyambire pati?

Kalulu260:
Zophweka izo achimwene. Ma steps anu asokonekera. Werengani 400, ma step a pa mm imodzi amene ali m'makinamo, kuchulukitsa ndi 20 kugawa ndi 19.3, mupeza 414.5. Tumizani ku printa lamulo la M92 Z414.5 kenako M500 kuti isunge. Mphindi ziwiri zokha mwathana nazo.

MphunzitsiWaSamu:
@Kalulu260 samu yanu ndi yolondola koma mankhwalawo si a matenda awa. @KamwendoPrints chonde musakhudze M92 kaye. Nambala ya 400 ija sinagwe kumwamba. Mota imayenda ma step 200 kuti izungulire kamodzi, poti step imodzi ndi madigiri 1.8. Bodi imadula step iliyonse pa 16, ndiye zikhala 3200. Lead screw ya Ender 3, ndodo ya mazinga ija, ikazungulira kamodzi imakweza 8 mm. 3200 kugawa ndi 8 ndi 400. Tsopano mundiuze, mwa zinthu zitatuzi chasintha nchiti chifukwa munthu wachoka ku Matero kupita ku Chilenje? Palibe. Chitsulo sichisintha mazinga ake panjira.

Yesani chonchi, osasindikiza kanthu. Bwezani Z pa home, lembani kachizindikiro ndi pensulo pa mzati, kwezani 10 mm pa menu, yezani. Kenako kwezani mpaka 100 mm, yezaninso. Likanakhala vuto la ma steps, kuperewera kukanakula ndi msinkhu: pa 20 mwataya 0.7, pa 100 mukanataya 3.5. Koma mukapeza kuti pa 100 mwangotaya 0.7 yomweyo kapena pafupi napo, dziwani kuti zonse zikutayika pansi pomwe, ndipo mlandu uli pa zitsulo. Mukaika 414.5, cube ya 20 mm idzaoneka bwino, koma chinthu cha 100 mm chidzapitirira pafupifupi 3 mm.

Kalulu260:
Aphunzitsi, ine ndinachita choncho pa yanga ndipo inachira. Si zonse zofuna bolodi ndi choko.

MphunzitsiWaSamu:
Inachira pa cube. Munayezapo chinthu chachitali chiyambire?

Kalulu260:
Zazitali sindipanga ine.

Sipanala10:
Funso limodzi kwa mwini nkhani. Pomanganso paja, mabauti munawamanga bwanji?

KamwendoPrints:
@Sipanala10 ndinamanga zolimba ndithu madala, lililonse mpaka Allen key kupindika pang'ono. Ndinkaopa kuti china chingagwedere.

Sipanala10:
Eya, mwadziulula nokha. Ine ndakhala zaka zambiri pa makina osula zitsulo ku Light Industrial, ndipo anyamata onse atsopano matenda awo ndi amodzi: amaganiza kuti bauti lolimba ndiye ntchito yabwino. Pa printa iyi pali malo amene kumanga kwambiri ndiko kuononga.

Kumbuyo kwa extruder, chokankha pulasitiki chija, kuli nati yachikasu yamkuwa imene lead screw imadutsamo. Yagwidwa ndi timasikuluwu tiwiri. Timeneto sitifunika kumangidwa mpaka kumapeto. Natiyo izitha kusuntha pang'ono cham'mbali, osati kukwera ndi kutsika ayi, cham'mbali chabe, kuti izitsatira ndodoyo pamene yapendekera. Mukaimanga gwa, ndodo ndi nati zimayamba kulimbana, ndipo woluza ndi mota.

Tsono ganizirani chifukwa chake vuto lili pansi osati pamwamba. Mkono wa X, wopingasa wonyamula nozzle uja, ukakhala m'mwamba, pakati pa mota ndi nati pali ndodo yaitali, imatha kupinda pang'ono nkubisa cholakwacho. Ukatsika pansi, nati imayandikana ndi coupler, cholumikiza ndodo ndi mota chija, ndodo yotsala ndi yaifupi, ilibe popindira. Ngati mota siili mzere umodzi ndi nati, pamenepo ndi pamene imakakamira. Gu gu mukumvayo ndi mota ikudumpha ma step. Ndipo mota zimenezi zilibe maso. Bodi imalamula kuti kwera 0.2, siifunsa ngati wakweradi, imangopitiriza kuthira pulasitiki ya layer yotsatira pamalo omwewo. Nchifukwa chake pansi pafinyika.

Chitani ichi. Tsitsani mkono pafupi ndi pansi, zimitsani makina, ikani kabuku kapena kathabwa pansi pa mkonowo kuti usagwe. Masulani sikuluwu ya pamwamba pa coupler, zunguzani ndodo ndi dzanja ituluke, ilendewere pa nati yokha. Kenako itsitseninso pang'onopang'ono osaikankha. Ikalowa yokha m'bowo la coupler, mota ili pamalo ake. Ikaphonya, onani yaphonyera mbali iti ndi motalika bwanji, mubwere mutiuze.

Mai_wa_Tadala:
A Sipanala anena zoona, koma ine ndikufuna kuwonjezera za mizereyo, chifukwa ndinataya miyezi iwiri ndikuimba mlandu ndodo yosalakwa. Ine ndimapanga zodulira mabisiketi ndi zilembo zoika pa keke, ndiye mizere imandinyansa, makasitomala a ma kitchen party amayang'anitsitsa. Tengani vernier muyeze kuchokera pa mzere umodzi kufika pa wotsatira. Ikakhala 8 mm nthawi zonse, ndiye ndi lead screw, chifukwa ndi mtunda wa kuzungulira kumodzi. Ikakhala yosalongosoka, apa pafupi apo patali, yang'anani kwina. Yanga inali filament, pulasitiki ya pa roll ija, imene inagona pa windo dzinja lonse, itamwa chinyezi, ikuthetheka potuluka. Ndinasintha roll, mizere inatha tsiku lomwelo, pamene ndinali nditagula kale coupler yatsopano ndi ndalama ya ndiwo. Komanso bedi likamatentha mozima ndi kuyaka, limafufuma ndi kuphwa pang'ono, nalonso limalemba mizere yake.

gologolo77:
Inu musavutike, gulani dual Z, ya ndodo ziwiri, basi. Ndodo imodzi kumanzere kunyamula mkono wonse, kumanja kumangolendewera ngati phewa la munthu wosenza thumba la makala.

Sipanala10:
@gologolo77 munthu walephera kuongola ndodo imodzi, inu mukuti agule yachiwiri? Zidzakhala ziwiri zokhota. Ma printa a ndodo imodzi ambirimbiri akusindikiza bwino. Kumanja kukagwa ndiye kuti ma eccentric nut, manati ofinyira mawilo ku mzati, sanachunidwe, kapena mabauti awiri ogwira mkono ku bulaketi yakumanzere ndi olefuka. Chomvetsa chisoni nchakuti mabauti amenewo amabisika, kuwafika kwake mpaka utulutse mkono wonse pamwamba.

gologolo77:
Madala inu chilichonse chatsopano mumakana. Ine chiikireni dual Z sindinakhudzenso bedi.

Chelstone_Maker:
Poti mwatchula mawilo. @KamwendoPrints muwaonenso amenewo, poti mwati munamanga zonse ndi mphamvu. Wilo lochunidwa bwino, ukaligwira ndi zala ziwiri nkulipotoza mwamphamvu pang'ono, liziterereka pa mzati, koma mkono usagwedere. Likakana kutembenuka ndiye mwafinya. Mawilo aja ndi apulasitiki, akakhala ofinyidwa malo amodzi kwa masiku amaphwatalala mbali imodzi, ndiye poyenda mumamva ngati njinga yodutsa pa mwala. Fumbi lakuda lokhala ngati ufa m'mphepete mwa wilo ndi chizindikiro chakuti likudyeka. Onaninso kuti mizati iwiri ija yatalikirana chimodzimodzi pansi ndi pamwamba. Ine pomanga ndimasiya mabauti a mizati ndi a mtanda wa pamwamba olefuka, ndiyendetse mkono pansi, ndimange apansi, ndiukweze pamwamba, ndimange apamwamba. Mkono womwewo ndiwo umauza mizati pokhala.

Dada_wa_ku_Katete:
Pepani kulowerera, koma nkhani ya M92 ija musaitaye yonse. Ine yanga inali yotere. Ndodo yanga inapindika mwana atagwetsa makina pa tebulo, ndiye ndinaitanitsa ina pa intaneti. Analemba T8, ine nkuti T8 ndi T8 basi. Ndinadikira milungu itatu. Itafika ndinaika pamodzi ndi nati yake, kusindikiza cube ya 20 mm, inatuluka chitumbuwa cha 5 mm, nozzle itamira mu pulasitiki. Ndinatsala pang'ono kulira. Kenako ndinazindikira kuti ndodo za T8 zilipo zamitundu. Zonse ndi zonenepa 8 mm ndipo mazinga ake amatalikirana 2 mm, ukaziyang'ana m'mbali sungasiyanitse msanga. Koma ina ili ndi mzere umodzi wa mazinga, imakwera 2 mm pozungulira kamodzi. Ina ili ndi iwiri, imakwera 4 mm. Ya Ender 3 ili ndi inayi, imakwera 8 mm. Yanga inali ya umodzi, ndiye inafunika 1600 m'malo mwa 400. Pamenepo M92 Z1600 inandipulumutsa.

MphunzitsiWaSamu:
@Dada_wa_ku_Katete apo ndiye pamalo pake, chifukwa munasintha chitsulo. Ndipo onani kuti nambala yanu ndi yoyera, 3200 kugawa ndi 2. Ya pa 4 mm ikanakhala 800. Mukaona munthu ali ndi 414.5 pa Z dziwani kuti akubisa chilonda ndi malaya.

Kalulu260:
Ndamva aphunzitsi, ndamva. Mpaka liti kodi?

Dada_wa_ku_Katete:
Ubwino wina wa ndodo yanga yolakwikayo, magetsi akazima mkono sutsika wokha. Ija ya 8 mm mazinga ake ndi otsetsereka, nthawi zina mota ikangosiya kugwira mkono umatsetsereka nkukhazika nozzle yotentha pa chinthu chako. Mu 2024 muja madzi atachepa ku Kariba, magetsi akubwera usiku pakati nkuchoka kusanache, ndinaboola zinthu zingapo motero.

Mai_wa_Tadala:
Musandikumbutse chaka chimenecho achimwene. Ndinkadzuka 1 koloko usiku kukayatsa printa ngati ndikukasuzumira mwana wodwala. Mpaka ndinagula inverter ndi batire, bambo a Tadala akudandaula kuti firiji ilibe magetsi koma kachidole kanga kali nawo.

Chelstone_Maker:
Chimadya magetsi kwambiri ndi bedi, makamaka poyamba kutentha. Likafika pa 60 zimachepa. Ine pa inverter ndimatenthetsa bedi kaye, kenako nozzle, osati zonse pamodzi.

gologolo77:
Nanga resume print ija, yopitiriza kusindikiza magetsi akabwerera, imakuthandizani? Kwa ine imasiya timatuza m'mbali mwa chinthu.

Chelstone_Maker:
Imalemba pa SD card nthawi ndi nthawi kuti ikumbukire pamene yafika, ndiye khadi likakhala lochedwa makina amaima kamphindi, pulasitiki nkudontha pamenepo. Pa Marlin, pulogalamu yoyendetsa printa, mutha kuizimitsa ndi M413 S0 ngati firmware yanu ikulola. Koma kuno kwathu kuzimitsa chimenecho nkulimba mtima. Ndipo bedi likazizira chinthu nkumatuka, resume ilibenso ntchito.

KamwendoPrints:
Akuluakulu tabwererani kuno, Loweruka likuyandikira. Ndachita zimene munanena. @MphunzitsiWaSamu pa 10 mm ndapeza 9.4, pa 100 mm ndapeza 99.3. Ndiye zikutayikadi pansi. @Sipanala10 ndodo yaphonya coupler, ikugunda m'mphepete, mbali yakumbuyo, kotalikira mzati. Kuti ilowe ndiyenera kuikokera ku mzati mwina 1 mm. @Mai_wa_Tadala mizere ikubwera pa 8 mm iliyonse ndendende. Ndipo ndodoyo ndi yakuda bii, girisi wasanduka phala.

Sipanala10:
Basi wapezeka mfiti. Mota yayandikira kwambiri ku mzati. Masulani mabauti awiri ogwira bulaketi ya mota, lowetsani kanthu kopyapyala pakati pa bulaketiyo ndi mzati, kuti mota isunthire kumbuyo. Khadi lakale la ku banki ndi lokhuthala pafupifupi 0.8 mm, dulani kachidutswa muboole. Likachepa wonjezerani kachidutswa ka chitini cha chakumwa. Muziyesa mpaka ndodo izigwera yokha mu coupler. Pomanga coupler musagunditse ndodo ndi shafti ya mota mkatimo, siyani kampata kakang'ono. Bowo lapansi ndi la 5 mm la mota, lapamwamba la 8 mm la ndodo, musaitembenuze. Kenako timasikuluwu ta nati yamkuwa tija, mangani mpaka tigwire, nkubweza pang'ono.

Musanayatse, zunguzani coupler ndi zala kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kulemera kwake kuzikhala kumodzimodzi njira yonse. Zala zanu zidzakuuzani zimene screen singakuuzeni.

Kalulu260:
Kapena angokweza Vref, mlingo wa magetsi pa driver ya Z, mota ipeze mphamvu ikankhe basi.

Sipanala10:
Ng'ombe ikukanika kukoka ngolo chifukwa gudumu lamangika, inu mukuti tiwonjezere chikwapu. Mota idzatentha, nati yamkuwa idzadyeka, ndipo kapotentiometer kochunira Vref kaja nkakang'ono, sikuludiraiva yachitsulo ikaterereka makina ali oyaka mwaotcha bodi. Bodi kuno simuipeza pa Kamwala, mudikira ya pa ndege.

NyamataWaUNZA:
Ine ndili ndi funso la girisi. Ku hostel anzanga amathira WD-40, ena mafuta ophikira. Zili bwino?

Mai_wa_Tadala:
Mafuta ophikira asiyeni ku kapenta mwanawe. Amauma nkuchita ulimbo, fumbi lonse la mu Ogasiti nkumamatira pamenepo.

Chelstone_Maker:
@NyamataWaUNZA WD-40 wamba ndi wabwino potsukira, koma ndi wopepuka, sakhalitsa pa mazinga. Tsukani ndodo ndi mswachi wakale ndi spirit, iume, pakani girisi woyera wa lithium kapena wa PTFE pang'ono chabe, yendetsani Z kukwera ndi kutsika kawiri katatu, pukutani wotsala. Girisi wambiri ndi msampha wa fumbi. Lusaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mu Novembala, makamaka ngati nyumba ili pafupi ndi msewu wadothi, muzitsuka pafupipafupi ndipo makina muzifunditsa ngakhale chitenje akakhala sakugwira ntchito. Pa mawilo ndi mizati musapake kanthu, kungopukuta.

gologolo77:
Akamaliza asindikize kabulaketi ka bearing kogwira ndodo pamwamba, isamagwedezeke ngati mchira wa galu. Ma file ake ali mbwee pa webusaiti ya Thingiverse.

Sipanala10:
Apanso tisiyana. Mchirawo usiyeni uvine. Ndodo ikakhala yopindika pang'ono, kupindikako kumathawira kumutu kumene kuli komasuka. Mukaigwira pansi ndi coupler, pamwamba ndi bearing, kupindika kulibe kothawira, kumakankha nati pakati, nati nkukankha mkono, mkono nkulemba mizere pa chinthu chanu. Ntchito ya ndodo ndi kukweza basi. Oongola njira ndi mawilo ndi mizati.

gologolo77:
Yanga ili ndi bearing ndipo ilibe mizere.

Sipanala10:
Ndiye kuti ndodo yanu ndi yoongoka, thokozani Mulungu.

MphunzitsiWaSamu:
Kanthu kena kakang'ono, poti tili pa Z. Step yathunthu pa makina awa ndi 8 kugawa ndi 200, ndiye 0.04 mm. Nchifukwa chake ambiri amasankha ma layer a 0.12, 0.16, 0.2, 0.24 kapena 0.28, ogawika ndi 0.04. Ena amati ma driver amakono zilibe kanthu, ndipo ine sindikangana nawo, koma kusankha 0.16 m'malo mwa 0.15 sikulipiritsa ngwee. A Kamwendo ali kale pa 0.2, ndiye iwo izi sizikuwakhudza.

KamwendoPrints:
Ndabwera ndi lipoti. Khadi la ku banki lokha linachepa, ndawonjezera kachidutswa kamodzi ka chitini, ndodo ikugwera yokha mu coupler. Nati yamkuwa ndaimasula pang'ono, ndatsuka, ndapaka girisi woyera amene ndagula ku Kamwala. Wilo lamkati lakumanja linali lofinyidwa moti silinkatembenuka ndi zala, ndalibweza. Bedi ndinayenera kulikonzanso chifukwa zonse zinasuntha. Gu gu yatha. Cube yatuluka 19.96, pansi pake pali bwino. Timabatani 12 tatuluka kale usiku wathawu. Zikomo kwambiri madala @Sipanala10, ndi inu nonse. Ngakhale inu @Kalulu260, chifukwa mukanapanda kuputa aphunzitsi sitikanaphunzira za 400.

Koma mizere ya pa 8 mm ija sinatheretu. Yachepa kwambiri, imaoneka ukaunika ndi tochi cham'mbali. Ndinagubuduza ndodo pa galasi la tebulo la mayi a kunyumba, ndipo pakati pakuoneka kuwala kukulowa ndi kutseka. Ndikukumbuka tsopano kuti mu Canter muja inali pansi pa mwendo wa bedi logonapo.

Sipanala10:
Pa timabatani ta sitovu palibe amene adzaunika ndi tochi. Malizani oda kaye. Osayesa kuiongola ndi hamala, mudzaononga mazinga.

Kalulu260:
Yanga ndaibwezera pa 400 usiku uno. Cube yatuluka 19.5. Musaseke. Khadi la ku banki lija mwati mumaboola ndi chiyani?

KamwendoPrints:
Msomali wotentha achimwene, kenako nkukuza ndi nsonga ya sizasi. Koma yambani mwamasula ndodo muone ngati ikuphonyadi, mwina yanu ndi mawilo. Pali amene ali ndi ndodo yapadera yoongoka kuno ku Lusaka? Sindikufuna kudikira milungu itatu.

Chelstone_Maker:
Ndili nayo imodzi imene inatsala nditasintha makina, ndi nati yake yomwe. Lolemba ndikhala m'tauni, tingakumane pa Kulima Tower cha m'ma 1 koloko. Ndilembereni ku inbox.

Dada_wa_ku_Katete:
@KamwendoPrints musanapereke ndalama muiyang'ane kumutu kwake, muwerenge poyambira mazinga. Pazikhala panayi.

Mai_wa_Tadala:
Ndipo mukabwera m'tauni mutengeko timabatani tiwiri, sitovu yanga ndikuyatsa ndi pulayazi chiyambire Isitala.